Kompyuta Yosachira ya kwa Zurita

"Kodi ine ndanenepa chonchi liti?"

Mayi amene anafunsayo anabwera kudzajambulitsa chithunzi cha pa chiphaso, ndipo tsopano anali atawerama pa sikirini ya kompyuta, akuyang'ana nkhope yake itatambasukira m'mbali ngati mtanda wa buledi woiwalidwa padzuwa. Lizeth anapitiriza kudina. Bambo ake, a Eulogio Zurita, eni situdiyo yojambulira zithunziyo, anayamba kupukuta diso la kamera lomwe anali atalipukuta kale. Pansi pa tebulo panatulukira miyendo iwiri ya Grover, wokonza makompyuta, ndipo miyendoyo nayo inangoti zii.

Pamapeto pake Lizeth anamuuza mayiyo zomwe anakhala akuuza aliyense kwa masabata asanu: kuti papepala atuluka bwinobwino, vuto ndi makina. Mayiyo sanakhulupirire. Anatuluka akudzigwiragwira masaya.

Chithereni chikondwerero cha kanivali, kompyuta inaiwala msinkhu wa sikirini yake. Ukatsegula posankhira kukula kwa chithunzi, unkapeza mizere iwiri yokha, 800 x 600 ndi 1024 x 768. Wa 1920 x 1080, womwe ankagwirira ntchito zaka zonsezi, unasowa ngati sunakhalepo. Zilembo zinatupa, anthu anafufuma, ndipo batani losindikizira nthawi zina linkagwera kunsi kwenikweni komwe mausi sankafikako.

Lizeth anali ndi digiri ya luso lokonza zithunzi. Inapachikidwa pakhoma, pakati pa chithunzi cha ukwati wa anthu osawadziwa ndi kalendala ya sitolo ya matayala. Ankaiona m'mawa akamakweza chitseko chachitsulo, n'kuionanso madzulo akamachitsitsa kuti akwere masitepe khumi ndi awiri opita kunyumba kwawo, pamwamba pa situdiyo pomwepo. Mumzinda wonse wa Cochabamba, dziko lake linali masitepe amenewo.

Grover ankabwera Lachiwiri ndi Lachisanu. Pulogalamu yoyendetsa zithunzi anali ataichotsa n'kuiikanso katatu. Kadi ya zithunzi anali ataizula m'mimba mwa kompyuta, kuiuzira fumbi, n'kuibwezera. Tsiku lina m'mawa wonse unatha akudikira makina amalize kudzikonza okha, kamzere kobiriwira kakukwawa pang'onopang'ono, Lizeth akudula zithunzi pambali pake. Limenelo ndilo tsiku lomwe anamuuza, maso ali pa kamzereko, kuti chibwerereni Lizeth kudzagula inki pa benchi yake ku msika wa Cancha chaka chatha, iye mtendere sauonanso. Lizeth anadula chithunzi cha bambo wina mokhota.

A Eulogio sankadziwa zimenezi, kapena ankadziwa mokwanira kuti asamamutchule dzina. Kwa iwo Grover anali "wa zingwe uja", munthu amene ofesi yake ndi benchi ndi lona. Ankamulola kulowa chifukwa makina ankadwala, basi.

* * *

Fabricio Antezana anafika Lachiwiri, tsiku lomwelo la mayi uja, atanyamula kabokosi kofunda ka salteña, timabanzi ta nyama ndi msuzi mkati. Anali dokotala wa mano, mwana wa kompadre wa a Eulogio, bambo amene anaimirira mlongo wake wa Lizeth pa ubatizo. Fabricio anali munthu wabwino, ndipo n'zomwe zinkamutopetsa Lizeth, poti panalibe pomugwira. Chokhacho ankadya salteña ndi supuni poopa msuzi pa malaya, zomwe mu Cochabamba n'zokwanira kumukayikira munthu.

Anayang'ana miyendo ija pansi pa tebulo.

"Amisiri, mukadali komweko? Tikubweretsereni bulangete?"

"Inu adokotala dzino likavuta mumangozula," anatero Grover, mawu akuchokera kuseri kwa makina. "Ife timachiza."

Fabricio anaseka, mano onse ali mbee, kenaka anatembenukira kwa a Eulogio n'kunena chomwe anadzera. Anali atagula kompyuta yatsopano, ya sikirini yotakata, ikadali m'bokosi kunyumba kwawo. Inali mphatso ya situdiyo. Zinkamuwawa mumtima, anatero, kuona Lizeth akuononga maso.

A Eulogio anapukuta zala, chala chimodzichimodzi. Mphatso ya kwa kompadre sikanidwa, komanso silandiridwa chabe, ndipo aliyense m'chipindamo ankadziwa kuti Lamlungu banja la Antezana likubwera kudzadya nkhumba yokazinga. Amayi ake a Lizeth, a Benigna, anali atatulutsa kale nsalu ya patebulo yomwe inaoneka komaliza pa ukwati wa mlongo wake uja. Nsalu imeneyo siyalidwa chifukwa cha nkhumba.

"Iwe wa zingwe," anatero a Eulogio. "Loweruka belu la masana likalira makinawa asanachire, Fabricio atsitsa bokosi lake. Akachira, zikomo, ntchito yako yatha muno. Wamva?"

"Ndamva, Don Eulogio."

Lizeth anadikira kuti wina amufunseko kanthu, popeza kompyutayo ankakhalirapo ndi iye. Fabricio anamufunsa ngati akufuna salteña ya nkhuku kapena ya ng'ombe.

* * *

Uthenga wa Grover unalowa pa foni ya Lizeth masana, bambo ake atakwera kukagona tulo tawo ta pambuyo pa chakudya.

*Ndikaikonza, khomo landitsekekera. Ndikapanda kuikonza, wa mano atsitsa bokosi, ndipo Lamlungu bambo ako adzayankha za ukwati atalandira kale mphatso. Ndiuze ndife imfa iti.*

Lizeth anawerenga kawiri. Chisoni chinayamba kubwera ndithu, koma panjira chinapunthwa pa mawu oyamba aja. Analemba:

*Ndikaikonza? Ndiye kuti kuikonza ukudziwa?*

Foni inaonetsa kuti wawerenga. Inaonetsa kuti akulemba. Analemba nthawi yokwanira kalata ya masamba awiri, kenaka n'kusiya. Chomwe chinafika pomaliza chinali kankhope kotuluka thukuta.

Lachitatu Fabricio naye anatumiza wake: chithunzi cha bokosi lija litamangidwa riboni yofiira. Pansi pake analemba kuti amayi ake akufunsa ngati Lizeth amakonda ndolo zagolide kapena zasiliva. Lizeth anaika foni chafufumimba n'kukajambula mwana wina amene ankakana kukhala pampando. Anamumvetsa mwanayo.

* * *

Lachinayi masana, atamva bedi la bambo ake likulira pamwamba, Lizeth anatseka chitseko chagalasi n'kugwada. Masabata asanu onse, pansi pa tebulo panali pa Grover. Iye anali asanasuzumirepo n'kamodzi komwe.

Anatsatira chingwe chochokera ku sikirini mpaka kumbuyo kwa kompyuta. Chinali cha mutu wa buluu, cha tizomangira tiwiri. Pamutupo panali patamatirira timapepala tamitundumitundu ta kanivali, ndipo atachikhudza, zala zinanata. Anamasula, n'kuchiunika ndi foni. Timano khumi ndi tisanu. Tiwiri tinali titachita ndere yobiriwira, ndipo kamodzi mwa tiwirito kanali katadyeka mpaka kutsinde. Anachiyandikiza kumphuno.

Anakhala pansi pomwepo, msana atatsamira khoma, akukumbukira Lachiwiri la ch'alla, tsiku lomwe aliyense amathirira mowa katundu wake kuti Pachamama, mayi nthaka, amwe n'kudalitsa. Bambo ake anazungulira situdiyo yonse ndi botolo m'manja. Anakulunga maliboni apepala pa kamera, pa makina osindikizira, pa kompyuta. Anathira m'ngodya zinayi za chipinda, kenaka m'ngodya zinayi za tebulo. Chaka chatha malonda sanayende, choncho pa ngodya yakumbuyo dzanja lawo silinaumire. "Imwani, amayi, musatiiwale," anatero, thovu likutsetsereka kuseri.

Foni inamuuza zotsalazo m'mphindi zitatu. Mwa timano tonse tija, tiwiri ndi tomwe sikirini imauzira kompyuta dzina lake ndi msinkhu wake. Tikafa, kompyuta imaona ngati yalumikizidwa ndi mlendo, ndipo mlendo imamupatsa zochepa zomwe aliyense angathe kusenza.

Anathamangira kwa oyandikana nawo ochita fotokope n'kubwereka chingwe. Atachilumikiza, sikirini inathima, n'kuyakanso. Anatsegula posankhira paja. Mizere inali ndandanda mpaka pansi, ndipo pamwamba penipeni panali 1920 x 1080, wosasintha, ngati munthu wobwera ku ulendo amene sakuona chifukwa chofotokozera komwe anali.

Anaiyang'ana nthawi ndithu. Kenaka anamasula chingwe chobwereka chija n'kubwezera chodwala.

Podzuka anapeza amayi ake ataima pa sitepe yachitatu, m'manja muli kapu ya tiyi. Sanadziwe kuti aimapo nthawi yaitali bwanji.

"Sasa fumbi m'maondomo," anatero a Benigna. "Bambo ako adzuka."

* * *

Lachisanu m'mawa anawauza bambo ake kuti mapepala osindikizira atha. Iwo anati amuimbire Fabricio amuperekeze pa galimoto. Iye anati dokotala ali ndi odwala, n'kukakwera trufi, takisi yokwera anthu ambiri, anayi atapanikizana kumbuyo.

Ku msika wa Cancha anamupeza Grover atawerama pa laputopu yotumbulidwa. Pa benchi yoyandikana nayo panali Noelia, wogulitsa zikuto za mafoni, amene ankamulozetsa chidutswa cha chinanazi pa kamtengo pafupi kwambiri ndi pakamwa.

"Grovito, abwana ako afika," anatero Noelia, osatsitsa dzanja.

Lizeth anaika foni yake pa benchi, chithunzi cha timano tobiriwira chili pamwamba.

"Unadziwa liti?"

Grover anayang'ana chithunzicho, n'kuika sikulu dalaivala pansi.

"Tsiku loyamba. Ndisanakhudze n'komwe. Pansi paja pankanunkha ngati m'bala Lolemba m'mawa."

Anafotokoza kuti pakamwa anatsegula ndithu kuti anene. Koma Don Eulogio anali ataima pomwepo, maliboni akadali pa kamera, akusimba mmene chaka chino achitira ch'alla yeniyeni, yosaumira. Ndiye munthu ungamuuze bwanji kuti dalitso lomwe anathira ndi dzanja lake ndi lomwe ladwalitsa makina? Ali mkati moganiza mawu oyenera, Lizeth anamubweretsera tiyi n'kumuikira pansi pafupi ndi bondo lake. Zitatero anangomva pakamwa pake pakunena kuti vutoli n'lalikulu, abweranso Lachisanu.

"Masabata asanu, Grover. Masabata asanu ndikupepesa azimayi chifukwa cha masaya awo. Mkwatibwi wina analira."

"Ndinkafuna kukuona."

"Unkaona nsapato zanga."

Noelia anatsamwa ndi chinanazi. Grover sanaseke. Anati bambo ake a Lizeth sangamulole kukhala pampando m'nyumba mwawo, munthu wa benchi ndi lona, pamene pakhomo paima galimoto ya dokotala. Anati akudikira apeze kachipinda kakekake kokhala ndi chitseko, mwina chaka chamawa, kuti akapita akakhale ndi cholozera.

"Unayamba wawapempha mpandowo?"

Grover anatolanso sikulu dalaivala ija. Lizeth anatola foni yake.

"Mawa ubwere ndi chingwe. Ukanene zonse ziwiri utaimirira, za mowa ndi za ine. Ngati sungathe, usavutike, ndichisintha ndekha. N'zamphindi ziwiri."

"Nanga Lamlungu?"

"Lamlungu ndidzakhala pampando womwe andipatse. Ndinazolowera."

Atatembenuka kuti azipita, Noelia anamuitana mokoma ngati akumutsatsa malonda.

"Achemwali, ngati kwanuko akusowa pomukhazika, kuno mpando ulipo."

"Musunge," anatero Lizeth. "Angaufune."

Mapepala anagula kumapeto kwa mzere, pa benchi ya munthu wina. Anagulanso chingwe cha mutu wa buluu n'kuchikwirira pansi m'chikwama.

Tsiku limenelo linali la Grover, koma sanabwere. Madzulo akutsitsa chitseko chachitsulo, bambo ake ananena osayang'ana aliyense kuti wa zingwe uja wathawa, monga mmene amachitira anthu a pamsika ntchito ikawakulira. Lizeth anakhoma loko. Pamwamba, amayi ake ankasita nsalu ya patebulo.

* * *

Loweruka Fabricio anafika kutatsala theka la ola kuti belu la masana lilire. Galimoto anaimika pakhomo penipeni, chitseko chakumbuyo atachisiya chotsegula kuti riboni yofiira ioneke. A Benigna anatsika popanda chowatsitsa n'kukhala pampando wa ojambulitsa, manja atawapinda pamiyendo. A Eulogio ankayang'ana wotchi, kenaka msewu, kenaka wotchi.

Pa sikirini panali nkhope ya mayi wa Lachiwiri uja, yemwe anali asanabwererenso kudzatenga zithunzi zake.

Kutatsala mphindi khumi, Lizeth anakokera chikwama pafupi ndi phazi lake. Akanatha kugwada pomwepo, kusintha chingwe, bokosi n'kubwerera kwawo. Koma akanafunsidwa kuti wadziwa bwanji, ndi kuti wa zingwe uja ankachitanji muno nthawi yonseyi, ndipo akanayankha yekha mafunso a anthu awiri. Dzanja linakhala pa zipi.

Grover analowa kutatsala mphindi zisanu ndi ziwiri. Anavala malaya oyera, mizere ya simbi ikuonekera, tsitsi lili lonyowa. Chikwama chake cha zipangizo analibe. M'dzanja munali chingwe chokha. Anayamba kupereka moni kwa a Benigna, zomwe anali asanachitepo, kenaka kwa a Eulogio.

"Lero ndi ukwati wa ndani, amisiri?" anafunsa Fabricio.

Grover anayala mpango pansi, n'kugwadirapo bondo limodzi. Sanalowe pansi pa tebulo, anangotambasula mkono. Sikirini inathima, n'kuyakanso. Anaimirira, n'kupatuka.

"Sankha, Lizeth."

Lizeth anatsegula mndandanda uja n'kudina mzere wapamwamba. Nkhope ya mayiyo inabwerera m'malo mwake. Anali mayi wamasaya wamba, wa maso otopa, wokongola ndithu.

A Eulogio anavala magalasi, anayandikira, anawavula.

"Masabata asanu," anatero. "Chinali chiyani?"

Grover anaika chingwe chakale pa kauntala, timapepala ta kanivali tikadali mutu wonse. Lizeth analiona bodza losavuta lili poyera ngati khomo lotsegula: chinakalamba, Don Eulogio, zingwe zimatero. Aliyense akanalilandira. Anaona Grover naye akuliyang'ana bodzalo.

"Mowa wa ch'alla, Don Eulogio. Unalowa m'timano. Ndinadziwa tsiku loyamba."

A Eulogio anaika magalasi pa kauntala.

"Ndiye unkadzatani muno?"

Khosi la malaya a Grover linali litayamba kunyowa.

"Ndinkadzaona Lizeth. Ndimamukonda. Benchi yanga ndi yaing'ono koma ndi yanga. Ndinalakwa kulowera pansi pa tebulo. Ndikupempha mundilole ndizilowera pakhomo."

Fabricio anayamba kuseka, koma ataona kuti akuseka yekha analeka. Anakonza kolala, n'kunena modekha, ngati akuuza wodwala za dzino lobooka, kuti munthu uyu wawanamiza a Eulogio m'nyumba mwawo momwe kwa mwezi wathunthu ndi sabata, wawathawitsira makasitomala, ndipo lero wabwera kudzawanyozera mwambo wawo pamaso pa akazi awo ndi mwana wawo. Lizeth anafuna kutsutsa, koma anapeza kuti zambiri mwa izo zinali zoona.

"Ababa," anayamba.

A Eulogio anakweza dzanja osamuyang'ana. Belu la tchalitchi linayamba kulira, ndipo onse anadikira mpaka litamaliza, ngati kuti nalo linali ndi mbali pa mlanduwo. A Eulogio anatola chingwe chakale chija, anachitembenuza, anachinunkhiza. Anayang'ana akazi awo. A Benigna ankayang'ana zikhadabo zawo mwachidwi chachikulu.

"Fabricio," anatero a Eulogio, "tsitsa bokosi lako."

Fabricio anatuluka msangamsanga. Grover anawerama, anatola mpango wake, anaupinda kanayi mosamala kwambiri, n'kulunjika kukhomo.

"Grover."

Kanali koyamba kuti dzinalo lituluke pakamwa pa a Eulogio. Grover anaima.

"Sindinakuuze kuti uzipita. Yatsopanoyo udzailumikize ndiwe, mawa nthawi ya chakudya, a Antezana ali pompano. Udzavale malaya omwewo."

A Eulogio anapinda chingwe chakale n'kuchiika m'thumba la jekete. Panja, Fabricio ankalimbana ndi bokosi, riboni itakola pa chitseko cha galimoto. Lizeth anayang'ana amayi ake, anayang'ana Grover, kenaka msana wa bambo ake womwe unali utayamba kale kukwera masitepe. Pa sitepe yachisanu a Eulogio anaima, osatembenuka.

"Benigna, mawa uwonjezere mbale imodzi."